Ng'oma ya Skomer, Mayi wa Mauna

Wambalule, ipane ng'oma m'miyendo. Wampanje, iwambe pamoto mpaka chikopa chikungike. Wagunda, ugwire mtima, nthawi yako ndi ya mdima. Amene tikuwatamanda lero ndi akutali, chilumba cha ku Wales, kumene dziko la Pembrokeshire limathera mwadzidzidzi n'kusiyira bwalo nyanja yamchere. Ndi-ndi! Ndi-ndi-ndi! Skomer!

Inu a Skomer, Mayi wa Mauna. Inu Nthaka-yamphako, Wobisa-ana-m'mimba, Wofunda-mphepo. Inu Wamng'ono-wosenza-katundu-wa-akulu: mahekitala anu safika 300, munthu wa miyendo yabwino amakuzungulirani n'kubwerera dzuwa likadalipo, koma pansi pa mapazi ake pagona fuko lathunthu. Inu Wosowa-nkhalango, amene mthunzi wanu uli kunsi kwa nthaka. Inu Wakhosi-lopyapyala, nyanja ikukunyambitani uku ndi uku, North Haven kumpoto, South Haven kumwera, kamtunda kochepa kokha n'kamene kagwira The Neck kuti asakuchokereni. Garland Stone wakuimirirani kumpoto, Mew Stone kumwera. Abale anu ndi awo: Middleholm pakhomo penipeni, Skokholm kumwera, Grassholm kutali kumadzulo, mutu uli mbuu. Tikuoneni, Mayi! Ndi-ndi!

Inu Wosapondedwa-mwachisawawa. Mlendo akafika kwanu lamulo loyamba ndi la phazi: yenda m'njira, usapatuke. Pambali pa njirayo nthaka ndi denga la nyumba za eni ake, una pano, una apo, wina pansi pa unzake. Kuphonya phazi kamodzi, dothi lagumuka, mwendo walowa, ndipo pansipo panali dzira limene makolo ake analiyembekezera chaka chonse.

Munalerapo anthu, ifenso tikudziwa. Mizere ya miyala ya minda yawo ikadaoneka, maziko a nyumba zawo zozungulira akadalipo, a m'nthawi imene chitsulo chinali chachilendo m'manja mwa munthu. Harold Stone, mwala woimikidwa ndi manja a anthu, waima chilili mpaka lero. Akalulu anachita kubwera nawo pa bwato cha m'ma 1300, kuti apereke nyama ndi zikopa, ndipo anakukondani osachokanso. Mlimi womaliza, Reuben Codd, anasiya kulima mu 1950. Mu 1959 munalengezedwa kukhala malo otetezedwa, khasu linagona, mlomo ndi zikhadabo zinatenga munda. Lero pa pepala ndinu a Natural Resources Wales, okusamalirani tsiku ndi tsiku ndi a Wildlife Trust of South and West Wales, koma amene akudziwani mpaka m'mimba ndi a nthenga. Inu Wotchena-m'Meyi, wovala maluwa a bluebell kuchokera kugombe mpaka kugombe, kenaka n'kusintha kuvala red campion, psuu, dziko lonse! Ndi-ndi-ndi!

Mbalule, lankhula mopepuka tsopano, wamasana akubwera. Tindi-tindi-tindi!

Iwe Puffin! Kamlomo-kamawanga, Kamaso-achisoni, Kamiyendo-kalalanje. Iwe Wakuda-kumsana-woyera-pamtima, Wodzandira-pamtunda, Wouluka-m'madzi. Mapiko ako ndi aafupi, m'mlengalenga umachita kuwakupiza mpaka 400 pa mphindi imodzi kuti usagwe, koma ukalowa m'madzi mapiko omwewo ndi nkhafi, umathamangitsa nsomba ngati unabadwira momwemo. Iwe Wosenza-pamlomo: umabwera kuchokera kunyanja tinsomba ta sandeel, tonga usipa, tili ndandanda m'kamwa, michira ili lendelende uku ndi uku. Chinsinsi chako tachidziwa: lilime limapanikiza nsomba yoyamba ku timinga ta m'kamwa kumwamba, mlomo n'kutsegukanso kugwira yachiwiri, yachitatu, yakhumi, osataya ngakhale imodzi.

Pa The Wick ndipo pabwalo pako. Njira ya anthu yadutsa pakati pa thanthwe ndi mauna ako, ndiye umatera phaa, n'kuima, n'kuyang'ana miyendo ya alendo yomwe yakutchingira. Wanzeru amasendera pambali msanga, chifukwa ukachedwa pamenepo mbalame za gull zili m'mwamba, zikudikira kukulanda. Mpata ukapezeka umangoti pyoo, mutu pansi, walowa muuna, ndipo m'katimo kamwana kako kamodzi, kaubweya wotuwa, katsegula kale kukamwa. Dzira limodzi pa chaka, masiku pafupifupi 40 kulifungatira, masiku enanso otero kudyetsa mwana. Akakula satsanzika: amatuluka yekha usiku wa mu Julayi, n'kugwera m'nyanja, wapita. Iwenso Ogasiti akamayamba wasowa, wakakhala pakati pa madzi miyezi yonse yozizira, ndipo utoto wa pamlomo uja umasupuka, kuti udzautchenenso chaka chamawa pobwerera kwa mnzako yemwe uja, kuuna womwe uja. Iwe Wolimbana-ndi-kalulu, amene umalanda nyumba ya mwini wake ukaifuna. Alonda anakuwerengani madzulo a mu 2023, a pamtunda, a pamadzi ndi a m'mlengalenga, nakupezani muli 42,513. M'maiko ena a kumpoto fuko lako likuchepa, koma pa Skomer likuswana. Tindi-tindi! Vina, Kamlomo, bwalo ndi lako mpaka dzuwa lipendeke!

Mpanje, kwera thanthwe. Mbi-mbi-mbi!

Inu a Guillemot, Oima-paphompho, Osamanga-chisa, Othinana-osadandaula. Thanthwe la The Wick laima chilili kuchokera m'madzi, ndipo inu mwalilemba mizere yakuda ndi yoyera, phiko kukhudza phiko la mnzake, nkhope kukhoma, msana kunyanja. Phokoso lanu limamveka munthu asanakuoneni, fungo lanu limafika phokoso lisanathe. Malo a banja lililonse ndi ochepa ngati chikhatho, pamwala posalala, popanda kaudzu ngakhale kamodzi, ndipo pomwepo mayi amaikira dzira lake limodzi, lalikulu, losongoka mbali imodzi, lobiriwira kapena loyera, lolembedwa mizere yokhotakhota imene palibe dzira lina lili nayo. M'khamu lonselo mwini wake amalizindikira. Amalikhazika pa mapazi, n'kulifunditsa ndi mimba. Kale anthu ankati kusongoka kwake n'kwakuti likagubuduka lizingozungulira pomwepo. Amene anakhala nanu zaka zambiri anapeza china, chakuti dzira lotero limakhazikika bwino pamwala wotsetsereka, silifulumira kuyamba kugubuduka n'komwe.

Ndipo tsiku la mwana! Mbi-mbi! Masabata atatu okha, mapiko asanamere nthenga zoulukira, dzuwa likulowa, mwana waima m'mphepete. Pansi patali nyanja ikuwinduka. Bambo akuitana ndi mawu osasa, mwana akuyankha ndi kaliwu kakuthwa, kupita kutsogolo, kubwerera, kupitanso. Kenaka wadziponya. Timapiko tikungophiriphitha mumphepo, thupi likugwa, chubwi! Ena amayamba awomba mwala n'kudzuka, n'kupitiriza. Bambo ali pomwepo, awiriwo n'kusambira kulowera kumdima, ndipo ndi bamboyo amene adzamudyetse pakati pa nyanja masabata ambiri mpaka adziwe kudzigwirira. Inu Abambo-olera, Omira-mwakuya, amene mumatsika mamita oposa 100 pansi pa madzi kufuna chakudya, landirani ng'oma!

Ng'oma yomweyo ipite kwa Tim Birkhead wa ku yunivesite ya Sheffield, Wokhala-pathanthwe, amene anafika mu 1972 ali mnyamata, nakalamba akubwerabe. Zithunzi za m'ma 1930 zimasonyeza matanthwe odzaza. Iye anapeza mizere ili gwaa, mutatsala masauzande ochepa, mafuta a sitima atakupululani. Anakuvekani mphete zamitundumitundu kumiyendo, nalemba amene wabwerera, amene waikira, amene wasowa, chaka ndi chaka, mpaka munapitiriranso 20,000. Thandizo la ndalama litaduka mu 2014 sanapachike kope lake, anapempha kwa anthu wamba, anthu nasonkha. Ine ndimati ntchito yotere ndiyo yoyenera nthungululu, chifukwa mbalame yokhala zaka makumi awiri kapena atatu sungaidziwe poiyang'ana nyengo imodzi.

Enanu musati takuiwalani. Razorbill, Wamlomo-wa-mzere-woyera, Wokonda-m'ming'alu. Kittiwake, Womata-chisa-ndi-matope pakhoma loti ngakhale buluzi angaganize kawiri. Fulmar, Wamapiko-owuma, Wolavula-mafuta-onunkha pa aliyense wofika pafupi. Chough, Khwangwala-wamiyendo-yofiira, wosewera ndi mphepo ya paphompho. Mbi-mbi-mbi! Mwalandira!

Tsopano boti lomaliza lapita. Alendo a masana abwerera ndi zithunzi za Kamlomo, ndipo sindikuwadzudzula, ndi wokongoladi. Koma mwini mudzi sanamuone. Anayenda pamwamba pa mutu wake tsiku lonse osadziwa. Gunda, dzuka. Gu! Gu! Gu-gu!

Inu a Manx Shearwater! Inu Mwini-mdima, Wobwera-mwezi-utabisala, Wodana-ndi-kuwala. Inu Mfumu-pamafunde, Wokwawa-pamtunda. Inu Wopendekeka, amene mukamauluka mumaonetsa kuda, kenaka kuyera, kenaka kuda, nsonga ya phiko ikuchita ngati ikhudza madzi koma osakhudza. Inu Wamphuno-zamipope, womwa madzi amchere n'kutulutsa mcherewo m'mphuno, wonunkhiza njira pamene maso alephera. Thupi lanu silifika theka la kilogalamu, koma nyanja ya Atlantic mumaidziwa mbali zonse ziwiri. Kalembera wa 2018 anapeza mabanja pafupifupi 350,000 pa Skomer pokha. Kuphatikiza Skokholm ndi Middleholm, ndiye pafupifupi theka la fuko lanu lonse la padziko lapansi, pa tizilumba titatu toyang'anizana. Gu-gu! Gu-gu! Nenaninso: theka!

Madzulo mumasonkhana pamadzi kutali ndi gombe, masauzande, nyanja ili bii, kudikira. Simufulumira. Mukudziwa amene wakhala pathanthwe: great black-backed gull, Wamsana-wakuda, Wamlomo-wachikasu, amene amameza kalulu wamng'ono osatafuna. Miyendo yanu inaikidwa kumbuyo kwenikweni kwa thupi, yabwino kupalasa madzi, yosathandiza poyenda. Pamtunda mumadzikoka ndi chifuwa, mlomo ndi mapiko zikuthandizira. Masana mukanatha tsiku limodzi. Ndiye mumadikira mdima weniweni, wa mitambo, wa nkhungu, wopanda mwezi, ndipo ukafika mumadzuka nonse.

Gu-gu-gu-gu! Amene wagona ku nyumba yakale ya pafamu atuluke, tochi yake ikhale yofiira, aunike pansi pokha. Poyamba ndi mphepo ya mapiko, fyuu, pafupi ndi khutu. Kenaka liwu limodzi kumwamba, losasa, lotsamwa, lokoka mpweya, kuseka ndi kulira zitaphatikana. Pansi pa phazi nthaka yayankha. Inde, nthaka! Mkazi ali muuna wamva mwamuna wake, mwamuna ali muuna wamva mkazi wake, pakuti mawu a awiriwa ndi osiyana ndipo amadziwana pakati pa masauzande. Kenaka chilumba chonse chalira, kumwamba ndi kunsi, kumanja ndi kumanzere. Wina wagwa m'zitsamba, phaa! Wina wawomba phewa la munthu, wagwa, wakhala kaye m'njira, maso akuda ali phethiphethi, nthenga zili noninoni ndi mame, n'kudzikoka pang'onopang'ono mpaka pakhomo pake. Mwa mauna onsewo sasokera. Inu Wosaphonya-khomo! Inu Woimbitsa-dothi! Gu! Gu!

Kukacha kuli zii, ngati sikunachitike kanthu. Koma m'njira muli umboni: mapiko awiri olumikizana ndi kafupa, thupi palibe. Apa ena, apo ena. Ndi amene mwezi unawatulukira, ndi amene anachedwa kubwerera kunyanja. Wamsana-wakuda nayenso ali ndi ana, ndipo msonkho wake amautenga. Inu mumaupereka, fuko osatha.

Tiwerenge za dzira lanu, ng'oma ikugunda pang'onopang'ono. Mumafika Febuluwale akutha kapena mu Malichi, n'kusesa una wakale. Mayi amapita kunyanja masiku angapo kukadya, kuti akapange dzira limodzi loyera, lalikulu kuyerekeza ndi thupi lake, ndipo mu Meyi laikidwa. Masiku 51 kulifungatira, mosinthana: mmodzi akhala mumdima masiku asanu, asanu ndi limodzi, osadya, osamwa, mnzake ali kutali ku Irish Sea kapena ku Celtic Sea. Mwana akaswa ndi kampira ka ubweya wotuwa. Amadya usiku wokha, nsomba zosungunuka ndi mafuta ochokera m'mimba mwa makolo, n'kunenepa mpaka kulemera kuposa bambo ake. Masiku akamayandikira 70 makolo amaleka kubwera. Apita, anyamuka ulendo wa kumwera. Mwana atsala yekha muuna, njala ikumusula mafuta, nthenga zikukhwima. Usiku amatulukira pakhomo, kutambasula mapiko, kukupiza, kuyang'ana kumwamba, kubwerera. Mawa chimodzimodzi. Ndiye usiku wina wa mu Seputembala amakwawa kufuna pokwera, mwala, chulu cha udzu, khoma lakale la mlimi, n'kudziponya mumphepo.

Gu-gu! Palibe womutsogolera. Sanaonepo nyanja, sanagwirepo nsomba, koma alunjika kumwera. Inu Wobadwa-ndi-njira-m'mutu! Kudutsa Spain ndi Portugal, kutsika m'mbali mwa Africa cha kumadzulo, kudumpha nyanja kukafika ku Brazil, kutsikabe mpaka kumadzi a Argentina: makilomita oposa 10,000. Mwana wina wovekedwa mphete ku Skokholm anapezeka pagombe la Brazil pasanathe masabata atatu. Tim Guilford ndi anzake a ku Oxford anamangirira tizipangizo kumiyendo ya akuluakulu, natsata ulendo wonse, napeza kuti pobwerera simudzera njira yomwe munapitira: mumakwera chakumpoto, kuyandikira Caribbean ndi gombe la America, n'kukhotera kwanu ndi mphepo ya kumadzulo. Mwana uja amatha zaka asanapondenso dothi, ndipo akamadzaikira dzira lake loyamba ali ndi zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, kawirikawiri pachilumba chomwe anabadwira.

Anakuyesanipo, Mwini-mdima. Ronald Lockley, amene anatsegula malo oyamba ku Britain ounikira maulendo a mbalame pa Skokholm mu 1933, ankakutumizani kutali kuti aone ngati mubwerere, ndipo munkabwerera. Mu 1952 mmodzi wa inu anatengedwa muuna pa Skokholm, nakwezedwa ndege mpaka ku Boston, ku America, makilomita oposa 5,000, namasulidwa kumeneko. Masiku 12 ndi theka, ali muuna mwake. Kalata yonena kuti wamasulidwa inafika iye atafika kale. Inu Wopambana-kalata! Winanso wa pa chilumba cha Bardsey anavekedwa mphete mu 1957, nagwidwanso ali moyo zaka zoposa 50 zitapita, akupitabe ku South America chaka ndi chaka. Inu Wokalamba-m'mlengalenga, Wosatopa, Wokumbukira-una! Gu-gu-gu!

Nanga wosaonekayo amamuwerenga bwanji? Atamandike a mawondo akuda ndi dothi, amene mu Juni amagwada pakhomo la una uliwonse m'dera lomwe apatsidwa, n'kuliza mawu ojambulidwa a shearwater, n'kutchera khutu. Pansi pakayankha, alemba. Pakakhala chete, alembanso. Kenaka una wotsatira, mpaka dzuwa kulowa. Atamandikenso a kumtunda, a ku Newgale ndi midzi ya m'mbali mwa St Brides Bay, amene mu Seputembala mphepo ikakankhira ana kugombe, kapena magetsi a m'tauni ndi a sitima akawasokoneza, amayenda ndi makatoni kuwatola m'misewu ndi m'mafunde, kuwasunga masana, n'kukawaulutsa paphompho kukada. Ndi-ndi! Manja amenewo adalitsike!

Mbalule, tchula ang'onoang'ono mothamanga. Storm petrel, Kakuda-kopepuka, kosafika magalamu 30, kobisala m'ming'alu ya miyala, koyenda pamadzi ndi timapazi, kamene nyengo yozizira ikafika kamatsikira kunyanja za Namibia ndi South Africa. Skomer vole, Mbewa-ya-pano-pokha, yosapezeka kwina kulikonse padziko, yosadya dzira la mnzake. Kadzidzi wa makutu aafupi, Wosaka-masana, amene amadya mbewayo. Ndi inu ma seal otuwa, Oimba-m'mapanga, amene mbalame zikamachoka mumadzaza magombe ndi ana oyera oposa 200, oyamwa masabata atatu okha n'kusiyidwa atanenepa. Pansi pa madzi palinso munda wotetezedwa kuyambira 1990, wa udzu wa m'nyanja ku North Haven ndi nkhono zimene makoka achitsulo saloledwa kukokolola. Tindi-tindi! Nonse ndinu a Mayi mmodzi!

Ng'oma itsike, pali maliro oti titchule. Pa 15 Febuluwale 1996 sitima ya Sea Empress inagunda miyala pakhomo la Milford Haven, pafupi pomwepa, matani 72,000 a mafuta nakhuthukira m'nyanja. Mbalame masauzande zinafa nthenga zitamatana. Kumayambiriro kwa 2014 namondwe anatsatizana osapumira, nyanja inavunduka, mbalame zinalephera kugwira nsomba, ndipo mitembo masauzande makumimakumi inakokolokera ku magombe a France ndi maiko oyandikana. Pakati pake panali ovala mphete za pa Skomer. Ndipo inu a Grassholm, Wamutu-woyera, mudzi wa ma gannet, Ogwa-ngati-mkondo, osungidwa ndi bungwe la RSPB kuyambira 1947: chimfine cha mbalame chinakulowerani mu 2022. Mabanja anali 34,491. Chaka chotsatira anawerengedwa 16,482. Theka la mudzi, nyengo imodzi. Zisa zanu n'zolukidwa ndi zingwe za pulasitiki ndi zidutswa za maukonde, ndipo mu Okutobala anthu amakwera kudzadula ana okodwa miyendo. Tikulira nanu, a Grassholm. Gu. Gu. Gu.

Koma pali mdani mmodzi amene dzina lake ng'oma imalitchula ndi ukali. Pha! Pha-pha! Iwe khoswe! Iwe Mlowa-m'ngalawa, Mbisala-m'katundu, Wodya-dzira-mwini-ali-pomwepo. Gull amatenga msonkho pakhomo, iwe umalowa m'nyumba. Una umene umateteza mwana kwa adani a m'mlengalenga, kwa iwe ndi mbale yovundikira. Mbalame yoikira dzira limodzi pa chaka ilibe chobwezera. Pa Calf of Man, pamene panali mudzi waukulu wa Mwini-mdima, unatsika m'sitima yosweka cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, mudzi n'kutha. Pa Ramsey, chilumba chooneka ndi maso kuchokera pa Skomer, unafikanso ndi sitima zosweka m'ma 1800: ma puffin anatha psiti, ma shearwater anatsala mabanja 850 okha pofika 1998. Anakuthira mankhwala m'nyengo yozizira ya 1999 ndi 2000 mpaka womaliza, ndipo pofika 2016 mabanja anali pafupifupi 4,800. Nthaka ndi yomweyo, nyanja ndi yomweyo, nsomba ndi zomwezo. Chinachoka ndi iwe. Pha!

Ndiye dzina lalikulu la Mayi wathu, loposa onse tatchula aja, ndi ili: Wosapondedwa-ndi-khoswe! Gu-gu! Wosadziwa-mphaka, Wosadziwa-nkhandwe! Maluwa ndi okongola, matanthwe ndi aatali, koma zilumba za maluwa ndi matanthwe zilipo zambiri, zili duu, zopanda liwu usiku. Ulemerero wanu, a Skomer, ndi wakuti mwana wa ubweya angathe kugona yekha pansi masiku 70, khomo lili pululu, osabwera womununkhiza.

Atamandike Jack Sound, Mlonda-wamadzi, Mtsinje-wa-m'nyanja, kampata ka pakati pa mtunda ndi Middleholm kamene madzi ake amathamanga mobwatamuka mafunde akamasintha. Ndiwe ukali, tikudziwa: mu 1967 unaswa sitima ya Lucy, imene yagona pansi pa madzi kumpoto kwa chilumba mpaka lero. Koma ukali womwewo ndiwo mpanda. Atamandike alonda okhala ku North Haven, Ofika-chisanu-chisanathe, Ochoka-Novembala, amene amayendera timabokosi tobisika m'mbali mwa gombe, kutulutsa phula lonunkhira chokoleti, kuliyang'anitsitsa ngati pali mano a mlendo woipa. Atamandike Jinx, galu wophunzitsidwa fungo limodzi, Mphuno-ya-zilumba-za-Wales, wonunkhiza katundu ndi maboti. Khoswe mmodzi wamkazi wa bere ndi wokwanira kugwetsa zonse taimbazi, ndipo anthu amenewa amagona akudziwa zimenezo. Ndi-ndi-ndi! Gu-gu!

Tsono inu a ulendo, inu mwaima pa doko la Martin's Haven m'mawa, matikiti m'manja, jekete zili zothina ndi mphepo: ng'oma yatembenukira kwa inu. Pa tsiku amaloledwa anthu 250 okha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala, ndipo mphepo ya kumpoto ikakana, boti silinyamuka. Kutsidya kukudikirani masitepe 87 okwera kuchokera pamadzi, ndi mlonda pamwamba pake woti akuuzeni malamulo a phazi. Galu wanu atsale kunyumba. Chikwama chimene chinagona m'galaja kapena m'shedi chikhuthulidwe pansi, chikutumulidwe, dzanja lilowe m'matumba onse, kamba wa paulendo akhale m'chotengera chotseka, zipi akokedwe mpaka kumapeto. Amalume, tsegulani. Azakhali, tsegulani. Achimwene a kamera yaitali, nanunso tsegulani thumba la miyendo yakeyo. Mbalule, mpanje, gunda, zonse pamodzi! Ndi-ndi-ndi! Mbi-mbi-mbi! Gu-gu-gu! Boti lafika pa doko, chingwe chaponyedwa, kwerani mmodzimmodzi!